Tsiku Limene Nkhwazi Inandikana Pamaso pa Amayi

Sukulu ndinasiyira Fomu 2, ndipo musandifunse chifukwa. Anzanga amene anapitiriza akungozungulira ndi mapepala awo pa boma ku Mangochi. Ine ndinalowa m'boti ku Cape Maclear, kumatengera alendo kuchilumba cha Thumbi, m'paki ya m'nyanja, kukaona nsomba ndi nkhwazi.

Amayi ankati imeneyo si ntchito, n'kupemphetsa chabe. Anali atapangana kale ndi amjomba, alongo awo, kuti ndikakhale m'sitolo yawo ku Monkey Bay, kuyeza shuga mpaka imvi. Ndinati ayambe aona kaye. Anabadwira pagombe pomwepo, koma pachilumbapo anali asanapondepo.

Mwini boti anandibwereka, tinapita awiri, ine ndi amayi. Nkhwazi timaiitana chonchi: timalowetsa kabango m'kamwa mwa utaka kuti uyandame, timaimba likhweru, n'kuponya. Imatsika mumtengo n'kuuwakha, azungu n'kumakuwa. Ndinaimba likhweru, ndinaponya. Nkhwazi inangondiyang'ana. Maboti a m'mawa anali ataikhutitsa kale, chitsiru cha mbalame.

"Ntchito yako ija ndi imeneyi?" anatero amayi. "Kutaya ndiwo? Sendeza botili nditole."

Anatola utakawo n'kuukulunga m'chitenje. Mtima unandiwawa. Ndinangowapatsa galasi loonera pansi pa madzi ndi chidutswa cha buledi.

"Valani ili, muweramire m'madzimo."

"Ine? Ndi mpango wangawu? Wapenga iwe."

Komabe anavala, pamwamba pa mpango pomwepo. Anagwira m'mphepete mwa boti n'kumiza nkhope, dzanja lina litagwira buledi m'madzimo. Mbuna, tinsomba ta m'miyala timene asodzi satiwerengera n'komwe, tinaunjikana padzanja lawo, tabuluu, tachikasu, tamizeremizere. Anadzuka akutsokomola uku akuseka.

"Tikundiluma zala! Wallahi, zaka zonsezi ndikuyanika nsomba pathandala, sindinaionepo ili kwawo. Bweretsa buledi wina."

Anamaliza yense, ndi wanga yemwe wa nkhomaliro. Ndinakhala ndi njala ndikuyang'ana msana wa amayi anga, mpango utanyowa, akukalipira tinsomba kuti tisalimbirane.

Pobwerera ankangofinya mpango wawo. Tikukocheza ndi pamene anati, "Amjomba ako ndiwauza afune mwana wina. Koma mbalame yaulesi ija usamaipatse utaka wabwino."

M'botimo ndikadalimo mpaka lero. Nkhwazi ija sindinaikhululukire.