Che Uladi ndi Magalasi Oyang'ana Kumwera

Che Uladi analibe wotchi, koma mwa anthu onse amene ndinagwira nawo ntchito palibe amene ankadziwa nthawi kuposa iwo. Ine ndine Judith. Ndinali namwino pa kachipatala ka kumudzi, ulendo wa tsiku lathunthu wapansi kuchokera ku Balaka, ndipo iwo anali wantchito wa pabwalo: kusesa, kutchetcha udzu, kutunga madzi, kuwotcha zinyalala. Tsidya la msewu kunali kamzikiti ka zidina, ndipo woitanira anthu ku swala kumeneko anali iwo omwewo.

Kwawo kunali kwa Ngokwe. Kusukulu ya mishoni sanapondeko chifukwa bambo awo ankaopa kuti akawabatiza, choncho anaphunzira kumadrasa kokha. Chiarabu ankawerenga bwinobwino, koma fomu ya boma ikabwera ankadinda ndi chala. Pa chifukwa chimenecho ife a mayunifolomu tinkawaika m'gulu la osaphunzira, ndipo ndikunena izi ndi manyazi.

Wotchi yawo inali chikhomo cha mtengo wa tsanya chimene anazika pabwalo la mzikiti, n'kuchizunguliza ndi timiyala. Kwa zaka makumi atatu ankayang'ana mthunzi wake kuti adziwe nthawi ya swala ya masana ndi ya kumadzulo. Ankadziwa kuti m'dzinja mthunzi wa masana umabisala patsinde, koma nyengo yachisanu umatalika n'kugonera kumwera, chifukwa dzuwa limakhala litapendekera kumpoto.

Mu Novembala 1988 chipatala chathu chinalandira filiji ya katemera yoyendera sola. Mawaya a magetsi sankafika dera lathu, ndipo filiji ya parafini imene tinali nayo inkafuka utsi ngati ng'anjo ya njerwa, ndiye tonse tinakondwa. Galimoto yomwe inabweretsa yatsopanoyo inanyamula yakale ija pobwerera. Mmisiri anali bambo wa kutauni wa ovololo yoyera, ndipo anali ndi buku lachingerezi lokhala ndi zithunzi. Anazika chitsulo chachitali pakona ya nyumba, pamwamba pake n'kumangapo magalasi anayi a sola, opendekeka, nkhope yawo kuloza kumwera kumene kunali msewu.

Che Uladi ndiwo ankagwira makwerero. Anayang'ana magalasi aja, n'kuyang'ana kumwamba, kenaka anatsokomola.

"Pepani bwana, zinthuzi mwati zimadya dzuwa?"

"Eya madala, chakudya chake n'chomwecho," anayankha mmisiri uja osayang'ana pansi.

"Nanga bwanji mwazifulatitsa kumene dzuwa limapita nthawi yachisanu? Zikanayang'ana uku, kumene timayang'ana ife poswali."

Mmisiri anaseka mpaka sipanala inatsala pang'ono kumugwa. "A nesi, mwamva? Akufuna sola ilowe Chisilamu! Madala, buku likuti kumwera."

"Bukulo analembera kuti?"

"Ku Ulaya, kumene anapanga zinthuzi."

"Basi ndiye kwawoko dzuwa lawo," anatero Che Uladi motsitsa mawu.

Ine ndinaseka nawo. Ndinali nditaphunzira kusekondale kuti Ulaya ali mbali ina ya dziko ndipo ife tili mbali ina, mayeso n'kukhoza, koma tsiku limenelo mutu wanga sunagwire. Ndinangoona ovololo yoyera ndi buku.

Patatha sabata kunachitika mwambo wotsegulira. Amayi anavina, ana asukulu anaimba, ndipo wapampando wa chipani wa dera lathu analoza magalasi aja ndi ndodo yake, nati chimenechi n'chitukuko cha boma, aliyense wochigwira ndi dzanja lake wagwira boma m'maso. Anayamikiranso kuti aikidwa poyang'ana msewu kuti odutsa azidzionera okha. Masiku amenewo mawu otero sanali nthabwala. Mphunzitsi wina wa pafupi nafe anali atatengedwa chaka chomwecho chifukwa chongodandaula za mabenchi, ndipo palibe amene ankafunsa kumene anali.

Dzinja lonse filiji inagwira ntchito bwino, pakuti dzuwa linali pamutu penipeni. Pakhoma panali kabokosi kokhala ndi tinyali tiwiri, kobiriwira kosonyeza kuti mabatire akhuta, kofiira kosonyeza kuti atha mphamvu. Kobiriwira kankayaka tsiku ndi tsiku, ndipo ine ndinkawaseka Che Uladi kuti dzuwa la ku Ulaya latikwana. Iwo ankangoti, "Dikirani thonje liyere, a nesi."

Thonje linayeradi m'minda. Mu Meyi kanyali kofiira kanayamba kuthwanima m'mawa uliwonse, ndipo pofika Juni filiji inkangozizira pang'ono masana, kukacha mkati muli mofunda. Katemera akatenthedwa amasanduka madzi wamba. Ndinataya mabotolo onse m'dzenje, mtima ukuwawa, n'kulemba kalata kwa akuluakulu athu. Yankho linabwera patatha masabata atatu, lofunsa ngati tinkapukuta fumbi pa magalasi. Ndinalembanso. Anayankha kuti mmisiri ali kumpoto ndipo adzabwera galimoto ikapezeka, komanso kuti katemera sadzatumizanso mpaka filiji itakonzedwa. Makalata asanu ndinalemba, ndipo chimene ndinapindulapo n'kutha kwa inki basi.

Che Uladi anali ndi mwana wamkazi dzina lake Zaina, ndipo Zainayo anali ndi khanda lotchedwa Asiya. Mu Juni momwemo Asiya anakwanitsa miyezi isanu ndi inayi, msinkhu wobayira katemera wa chikuku. Zaina anabwera kusikelo ndi khadi lake, ine n'kumubweza chimanjamanja.

Tsiku lotsatira, dzuwa lili paliwombo, Che Uladi anandiitana. "A nesi, tawolokani msewu muone kanthu." Anandiimika pa chikhomo chija. Mthunzi unali utagona kumwera, wautali pafupifupi ngati chikhomo chomwecho. Kenaka anandilozera magalasi athu. Dzuwa linkangowapsepsa chammbali, kuwala kwenikweni kukugwera kumsana kwake.

"Mwaona? Maboti ndi anayi okha. Sipanala mmisiri uja anaisiya m'dirowa mwanu. Titembenuze, basi. Sipafunika n'kudula waya komwe."

Ndinaona, ndipo ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Palibe chimene chimandipsetsa mtima kuposa chimenechi, chifukwa sindingathe kunama kuti sindinkadziwa.

"Iyayi, Che Uladi," ndinatero. "Munamva nokha zimene ananena awapampando. Ine ndili ndi ana awiri. Tidikire mmisiri."

"Chikuku chidikiranso mmisiri?"

Ndinawoloka msewu n'kukakhoma dirowa ija ndi kiyi.

Zaina sanakhale manja lende. Anabereka mwana n'kuyenda tsiku lathunthu kupita ku chipatala china, koma anakapeza kuti botolo la chikuku amatsegula tsiku limodzi pa sabata, ana akachuluka, ndipo tsikulo linali litadutsa dzulo lake. Anabwerera mapazi atatupa. Mwamuna wake anali kuntchito kumaesiteti a fodya, thonje linali m'munda likudikira iye yekha, ndiye anati apitanso akamaliza kutola. Chikuku chinalowa m'mudzi kumayambiriro kwa Ogasiti asanamalize.

Ana ambiri anadwala, ndipo atatu tinawaika m'manda. Asiya anatentha thupi masiku asanu ndi awiri, zidzolo thupi lonse, maso atamatika ndi mafinya. Ndinachita zonse zimene ndikanatha ndi timankhwala tomwe ndinali nato. Mwanayo anapulumuka. Koma atatsegula maso, onse awiri anali atachita ng'ala, oyera ngati mkaka wosungunula. Zaina ankagwedeza chala pamaso pake, mwana osaphethira.

Lachisanu lotsatira, anthu akutuluka mu mzikiti masana, Che Uladi analowa mu ofesi mwanga atavala mkanjo wawo woyera. Sanapereke moni.

"Sipanala ija, a nesi."

Ndinatsegula dirowa n'kutuluka panja kuti ndidzathe kunena kuti sindinawapatse. Mantha anga anali ochenjera choncho. Iwo anaimika makwerero anthu onse akuona, anakwera ndi mkanjo womwewo, anamasula maboti anayi aja, n'kutembenuza magalasi pang'onopang'ono mpaka anayang'ana kumpoto. Anamanganso maboti, anatsika, anandibwezera sipanala m'manja. Ntchito yonseyo sinathe ngakhale theka la ola. Miyezi itatu ya makalata, ana atatu m'manda, maso a Asiya, zonsezo chifukwa cha ntchito yosakwana theka la ola.

Ayufi, anyamata a chipani, anabwera dzuwa lisanalowe. Anati Che Uladi wasokoneza katundu wa boma, ndiponso wachotsa chitukuko kumsewu n'kuchilozetsa kumene amaloza a mpingo wake. Anawamanga manja ndi chingwe cha thonje n'kupita nawo. Atandifunsa kuti sipanala anaipeza bwanji, ndinati sindikudziwa, ndinali panja. Che Uladi anandiyang'ana kamodzi kokha, ndipo sananditsutse.

Tsiku lachitatu kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo sikanazimenso. Palibe amene analimba mtima kubwezera magalasi kumwera, pakuti kutero kunalinso kugwira katundu wa boma. Che Uladi anabwerako patatha masabata atatu, atawonda, akukoka mwendo wakumanzere, ntchito itawathera. Mmisiri anatulukira mu Okutobala, wina osati woyamba uja. Anayang'ana m'mwamba, anayeza mabatire, anatsegula filiji, n'kundikalipira.

"Mayi, zonse zili m'malo mwake apa. Mwativutitsiranji ulendo wonsewu?"

Katemera anabwera sabata yotsatira, ndipo kuyambira pamenepo sanawonongekenso ngakhale botolo limodzi. Ana mazanamazana a dera lija anabayidwa katemera wochokera m'filiji imeneyo, ndipo amayi awo ankathokoza ine.

Che Uladi anabwerera ku khasu ndi ku chikhomo chawo. Ndinayesa kuwapepesa kamodzi, koma anandidula. "Zapita, a nesi. Muzingopukuta fumbi." Sindikudziwa ngati ankandinyoza kapena ankanena zoona, ndipo sindinafunse.

Ndinawaona komaliza mu Julayi 1993, tsiku limene ndinkasamuka. Ndinawoloka msewu kukatsazika ndipo ndinawapeza pa chikhomo, ali ndi Asiya, amene tsopano anali mtsikana wolongolola kwambiri. Ankapita nawo kulikonse atagwira mkanjo wa agogo akewo. Nditapereka moni, iwo anamugwira mwanayo paphewa.

"Asiya, tawauza a nesi, dzuwa lili kuti?"

Mwanayo anatukula nkhope, maso oyera aja ali chitsegulire, n'kumatembenuka pang'onopang'ono mpaka kutentha kunamugwera pamphumi. Anaima atayang'ana kumpoto, natambasula dzanja.

"Lili uku, ambuje," anatero akuseka. "Nanga pali munthu amene sakudziwa?"