Tsiku Limene Ndinathawa Njuzu ya Labala

Esinati ndinamunamiza kamodzi tisanakwatirane, ndipo mpaka lero ndikakumbuka ndimachita manyazi.

Ndinkagwira ntchito kufakitale ya thonje ku Kadoma, iye ankakhala ku Chegutu. Loweruka lina masana ndinamutengera kubayisikopo muholo ya kukomboni. Filimuyo inali yoseketsa: msodzi wachizungu anakonda mkazi wokongola wa mchira wa nsomba, n'kumubisa m'bafa. Mchirawo unkaonekeratu kuti ndi wa labala, msoko uli poyera, moti anthu ankangofa ndi phwete.

Koma ine ndinakulira kumtsinje wa Muzvezve, kumene amati njuzu, chilombo cha m'madzi chonga mkazi ameneyu, imakokera munthu pansi pa dziwe, ndipo abale akamulira sabwereranso. Mkaziyo atatiyang'ana n'kuyamba kuyimba, ndinabisa nkhope m'manja, thukuta lili kamukamu.

"A Laisoni, mwatani?" ananong'ona Esinati.

"M'mimba," ndinatero, n'kutuluka chothamanga, ndikuponda mapazi a anthu.

Ndinabisala kuseri kwa holo, zala zili m'makutu, mpaka filimu inatha.

Mawa lake Esinati anabwera pa sitima ndi mankhwala owawa a mizu ochokera kwa mayi ake, n'kundiimirira mpaka ndinamaliza botolo lonse. Ndinatsegula m'mimba masiku atatu.