Tsiku Limene Ndinasamutsa Mchombo wa Anangozo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6, pamene ndinayesa kusamutsa mchombo wa munthu ndi bolopeni. Nthawi imeneyo aphunzitsi ankayamikira kalembedwe kanga, ndipo matama ndinali nawo okwanira kugawirako mudzi wonse.

Kuseri kwa nyumba yathu, kufupi ndi Nzama, kunkakhala Anangozo. Anachokera ku Domwe, ku Mozambique, akadali mtsikana, pothawa nkhondo. Anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala chifukwa anali atakwatiwa m'mudzi mwathu. Ankalankhula ngati ife, ankalima kachewere ngati ife, ndipo pamaliro nyimbo ankayambitsa ndi iwo. Koma amuna awo atamwalira, kumjigo kunayamba kumveka manong'onong'o akuti mlendo ndi mlendo basi, munda ubwerere kwa eni dziko. Anangozo analibe pepala lililonse lowatchula kuti ndi Mmalawi, ndipo ku Domwe kunalibenso wowalandira. Munda umenewo ndiwo unkadyetsa ana awo anayi.

Amayi anga sankatha kuonerera zinthu. Anawauza Anangozo kuti, "Konzekani asisi, tipite ku boma mukapemphe unzika." Anapita kawiri, n'kubwerako ndi fomu yachingerezi. Amayi anavomera kukhala mboni. Umboni wa zaka zimene Anangozo anakhala kuno unapezeka m'jumbo ya shuga: makhadi a sikelo a ana onse anayi, othimbirira ndi utsi. Chotsala chinali wolemba, ndipo wolembayo ndinali ine.

Tinakhala pamkeka pakhonde masana, mphepo ya ku Ntcheu ikuluma m'makutu, fungo la kachewere wongokumba kumene lili ponseponse. Ndinkawerenga funso, n'kulimasulira, iwo n'kuyankha. Titafika pa malo obadwira anati, "Ku Domwe, mwanawe." Ine mumtima ndinati vuto lonse ndi Domwe yemweyu, bwanji osangomuchotsa? Ndinalemba mosamala kwambiri kuti Nzama, Ntcheu. Sindinauze munthu. Ndinasangalala ndithu, poganiza kuti ndapeza njira yachidule imene akuluakulu onse sanaione.

Tsiku lolumbira ananditenga. Tinakwera minibasi mpaka pa boma, tinakhala pabenchi mpaka miyendo kuchita dzanzi, kenako tinalowa. Bambo wina wa magalasi anawerenga fomu ija pang'onopang'ono.

"Amayi, munabadwira kuti?"

"Ku Domwe, bwana."

"Pano palembedwa Nzama. Ngati munabadwira ku Nzama, mwadzapemphanso chiyani kuno? Ndipo mudziwe kuti mukalumbira pa zabodza, nkhani yanu yathera pomwepo."

Anangozo sankatha kuwerenga, choncho sanamvetse chimene alakwa. Anakumbatira jumbo ya makhadi ija pachifuwa. Amayi anangotembenuka n'kundiyang'ana. Ndinachita mantha kwambiri, koma mantha owonongera Anangozo munda anaposa mantha a chikwapu.

"Ndalemba ndine," ndinatero. "Iwo ananena Domwe. Ndimafuna kuwathandiza."

Bambo aja anavula magalasi. "Chithandizo chako chikanawafikitsa kupolisi," anatero. Anatsegula kabati, natipatsa fomu ina, n'kutiuza kuti tibwerenso sabata yamawa.

Njira yonse yobwerera ndinkayembekezera mbama. Sinabwere. Titafika kunyumba amayi anayala mkeka womwe uja nandipatsa bolopeni. "Ulembanso ndiwe," anatero. "Ulembe zimene akukuuza, osati zimene iwe ukuwafunira."

Anangozo anakhala pansi, nakonza mpango wawo. Sanakalipe, anangonditchula dzina. "Tadala, mchombo wanga anaukwirira ku Domwe, kuseri kwa nyumba ya mayi anga. Mayi angawo anagona komweko. Ine ndikupempha kukhala wa kuno. Sindinapemphe kuti ndileke kukhala mwana wawo."

Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamveponso. Mbama ikanakhala yopepuka. Fomu yachiwiriyo inatitengera masana onse, chifukwa funso lililonse linkatulutsa nkhani: mtsinje umene anawoloka, mng'ono wawo amene anasiyana naye panjira, mayi wa kuno amene anawapatsa chitenje choyamba. Ndinali nditakhala nawo moyandikana moyo wanga wonse, koma zonsezi ndinazimva tsiku limenelo.

Yankho linachedwa. Tinakolola kawiri, amayi akupitabe nawo kukafunsa, mpaka oyendetsa kabaza pa boma anawazolowera. Chikalata chitafika, manong'onong'o a kumjigo anazilala okha, ndipo munda unakhalabe wawo. Anangozo anandiitana kuti ndiwawerengere. Nditamaliza anati, "Bwereza pamene pali malo obadwira." Ndinabwereza: Domwe. "Nanga pamwambapo?" Ndinawerenga kuti nzika ya Malawi. Anagwedeza mutu, nati, "Zilipo zonse ziwiri." Anachipinda bwinobwino, n'kuchiika m'jumbo ya shuga ija, natenga khasu.

Lero ndine mphunzitsi, ndipo anthu amabwerabe kwathu ndi mafomu oti ndiwathandize. Ndikalemba mzere uliwonse ndimauwerenga mokweza kuti mwini wake aumve. Ena amaseka kuti ndimachedwetsa zinthu, ine ndimangosekerera nawo. Ndinazindikira kuti munthu amene akupempha malo pakati pathu sakusowa womukonzera mbiri, akusowa womuperekeza ndi mbiri yake yomweyo. Anangozo akulimabe munda uja, ndipo chaka chilichonse amanditumizira ndowa ya kachewere, n'kumuuza woibweretsayo kuti, "Ukapatse uja anafuna kundiberekera ku Nzama."