Thobwa limene apongozi anandisungira

Ndinasiya mowa akazi anga atachoka. Anatenga ana athu awiri n'kubwerera kwawo ku Malindi, ine n'kutsala m'nyumba ya lendi ku Mangochi ndi makina anga osokera. Ankhoswe atakambirana anagamula kuti ndikhale miyezi isanu ndi umodzi osalawa ndi dontho lomwe, kenako ndipite ndikaonekere. Ndikapezeka ndamwa, ukwati watha. Sindinatsutse, pakuti ndinali nditatopetsa anthu.

Chimene chinandidabwitsa pa miyezi imeneyo ndi chibaba. Ine ndinkayesa kuti chibaba chimabwera munthu ukakhumudwa, ndiye ndinkachidikirira pa masiku a mavuto. Ayi ndithu! Tsiku limene kasitomala wina anandilalatira chifukwa cha kolala yopindika, ndinapita kunyumba bwinobwino n'kukamwa tiyi. Koma tsiku loti mawa lake ndi Idi, nditamaliza madiresi onse, azimayi akuvina poyesa zovala zawo pakhonde pamene ndimasokera, ndinangoona miyendo yanga yakhota kulowera kuseri kwa msika kumene ndinkamwera masese n'kutsendera kachasu. Mutu sunaganizeko n'komwe. Ndinaima pakati pa njira ngati mwana woiwala chimene am'tuma, mpaka wakabaza anandiimbira belu.

Kuyambira pomwepo ndinayamba kuchizonda chinthuchi. Ine ndine munthu wofuna kudziwa, wailesi ikafa ndimaimasula ngakhale kubwezera sinditha. Ndinapeza kuti chibaba chimandigwira ndikangovindikira makina madzulo, nthawi imene kale ndinkanyamuka kupita kukamwa. Ndiye ndinayamba kuweruka mochedwerapo ndi kudzera njira ya kumtsinje. Ndinapezanso kuti ukachipirira chimafooka chokha, nthawi yake yongokwana kusoka mpendero wa siketi imodzi. Ndinafika podzitama kwa anzanga kuti mdani wanga ndam'dziwa mbali zonse. Ndinaiwala kuti chakudza sichiimba ng'oma.

Miyezi itakwana, ndinakwera matola Lachiwiri m'mawa n'kuwoloka mlatho wa Shire, nditavala malaya oyera osoka ndekha. Ku Malindi anandiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Atsibweni a akazi anga, omwenso ndi ankhoswe awo, anakhala pampando. Apongozi anga aakazi anakhala chapatali, pambali pa nkhokwe, atatembenukira kwina monga mwa mwambo. Chikwatirire tinali tisanayang'anizane m'maso, ndipo mawu athu ankadzera mwa anthu ena.

Akazi anga anabwera ndi chikho chachikulu, nagwada.

"Amayi akuti muyambe mwaphako ludzu," anatero. "Thobwali anaphika Loweruka pa ukwati wa kutchalitchi, ndiye anakusungirani lanu padera."

Loweruka mpaka Lachiwiri, m'chigubu chotseka, ndi kutentha kwa kunyanja kuja! Chikho chisanafike n'komwe pakamwa, fungo linandilowa. Thobwa linali litasasa, likutulutsa timathovu. Sunali mowa weniweni, koma linali pa ulendo wopita komweko. Malovu anadzadza m'kamwa, ndipo m'mutu ndinaona bwinobwino benchi ya kuseri kwa msika ija ndi malo amene ndinkakhala. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni. Koma ndi manthawo ndinkadabwabe: kani chinthuchi chimadziwanso njira ya ku Malindi?

Apongozi sanachite dala. Mayi amene aja mowa sanaulawepo chibadwire, kwa iwo thobwa ndi thobwa basi, ndipo losasa pang'ono ndiye lokoma. Anandichitira ulemu. Komanso kwathu kuno mkamwini sakana cha apongozi, makamaka amene wabwera kudzapepesa. Ngakhale ukhute bwanji, umalawako. Koma ine ndinkadziwa kuti ndikalawa, pobwerera sindikafikira kunyumba.

"Imwani, bambo," anatero atsibweni. "Kapena mwayamba kunyada?"

Ndinaika chikho pansi. Kenako ndinachita zimene ndinali ndisanachitepo. Ndinatembenukira kwa apongozi n'kulankhula nawo ndekha, osadzera mwa munthu.

"Amayi, pepani. Thobwa lanu lilibe mlandu, vuto ndi ine. Likununkha ngati zimene ndinasiya. Ndikamwa lero, mawa mumva kuti ndagona m'ngalande."

Apongozi anakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Atsibweni anapukusa mutu.

"Ha! Miyezi isanu ndi umodzi yathunthu, munthu wamkulu n'kumaopa thobwa? Ndiye kuti simunachire, bambo."

Mwina ankanena zoona. Ndinaona kuti ndaononga zonse ndi pakamwa panga, ndipo mtima unandiwawa kwambiri. Ndinangoyang'ana nyerere zimene zinayamba kale kukwera chikho.

Akazi anga anali chigwadire. Anatola chikho chija n'kuchinunkhiza kamodzi kokha. Nkhope yawo inasintha. Kenako anadzuka n'kukakhuthulira thobwa lonse patsinde pa nthochi.

"Atsibweni," anatero atabwerako, "inu fungoli simulidziwa. Ine ndagona nalo m'nyumba zaka zisanu ndi zinayi. Nthawi yonseyo bambowa ankati palibe vuto, atha kusiya tsiku lililonse. Lero ndi koyamba kuwamva akunena kuti akuopa."

Sanadikire kuti atsibweni ayankhe. Analowa m'nyumba, ndipo ndinawamva akuuza ana kuti asonkhanitse zovala zawo.