Injini Pamthunzi wa Bambo

Ndikakumbukira chilimwe chimene ndinali mu Sitandade 6 kwathu kwa Tengani, choyamba kubwera m'maso mwanga ndi injini ikulendewera pa tcheni mumtengo wa bwemba, ikudontheza oyilo pamalo pamene pankagona bambo anga. Pabwalo pathu mtengo unali umodzi womwewo. Amene sanakhaleko kuchigwa cha Shire mu Okutobala sadziwa kufunika kwa mthunzi. Dzuwa la kwathu limayamba ukali munthu usanasukusule n'komwe, mchenga umawotcha mapazi, mbuzi zimapanikizana kunsi kwa nkhokwe, ndipo m'nyumba ya malata mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa.

Bambo anadwala sitiroko chaka chimenecho titangokolola mapira. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa, n'kutsala kaphokoso kakukhosi. Koma mutu unali bwinobwino. M'mawa uliwonse ine ndi mayi tinkawakoka pamphasa kukawagoneka pansi pa bwemba. Ndikaweruka kusukulu ndinkawamwetsa madzi a bwemba, kuwaingitsira ntchentche, n'kumasewera phada pambali pawo. Ndikaphonya mwala ankandiseka ndi mbali imodzi ya nkhope.

Kenako kunabwera bambo aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, ndi chigalimoto chakufa chikukokedwa ndi thirakitala. Chinali cha mtundu uja wa matayala akuluakulu woyenda m'matope, chotayidwa kuminda ya nzimbe. Anali atapeza injini ina ku Nchalo, ndipo ankafuna nthambi yolimba yomangapo tcheni chokwezera. Anagwada pamphasa, n'kufotokoza kuti ntchito yake ndi ya kanthawi kochepa, galimoto ikadzuka adzatengera akulu awo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Bambo anatulutsa kaphokoso kawo kaja, maso ali psuu. Bambo aang'ono anadzuka akusasa fumbi m'mawondo.

"Mwamva nokha alamu, achimwene avomera. Asuntheni."

Bodza limenelo limandiwawa mpaka lero. Ine ndinkadziwa kaphokoso ka inde ndi ka ayi, mayi ankadziwanso. Koma mayi anali mtengwa wolowoledwa ndi ng'ombe, ndipo pamudzi wa amuna awo mawu awo ankathera kukhitchini. Ine ndinali kamtsikana. Akuluakulu ankati mwana wamkazi wolowerera nkhani za amuna sakhalitsa pabanja.

Kutulutsa injini yakale sikunavute. Yatsopanoyo ndiyo inakana kukhala: miyendo yake sinkagwirizana ndi mabowo, giyabokosi nayo inkafuna chitsulo china chokawotcherera ku Bangula. Ankaitsitsa, kuiyeza, kutukwana, n'kuikwezanso. Masabata anapita ili m'mwamba. Bwalo lonse linkanunkha dizilo ndi girisi, beseni losambitsira bambo linasanduka lotsukira mabawuti, ndipo amuna a m'mudzi anapeza pochezera. Ankakhala pamizu ya bwemba, aliyense katswiri, wina sanagwirepo sipanala chibadwire koma ndiye wokuwa kwambiri. Mayi ankawaphikira thobwa anthu amenewo.

Nanga bambo? Tinkawakoka kuzungulira nyumba kutsata kamthunzi ka khoma, m'mawa kumadzulo kwa nyumba, madzulo kum'mawa. Masana kamthunziko kankatheratu, ndiye tinkawalowetsa m'malata muja, kuwafunditsa chitenje chonyowa chimene chinkauma tisanatembenuke. Thukuta linawadya msana. Zilonda zinatuluka m'chiuno, zinayamba kununkha, ndipo anasiya kudya. Amuna aja akamadutsa ankangokuwa chapatali kuti mwadzuka bwanji akulu, osadikira n'komwe kuti aone nkhope yawo. Mayi atadandaula mwaulemu, bambo aang'ono anati afunsa eni ake. Analowa, anatuluka, anati achimwene akuti tipitirize.

Tsiku limene mayi anapsa mtima linali Loweruka, dzuwa lili paliwombo. Tinapeza bambo akupuma mobanika, milomo itang'ambika, ntchentche zili pazilonda. Mayi anagwira ngodya ziwiri za mphasa, n'kundiyang'ana, ine n'kugwira zinazo. Tinawakoka kudutsa bwalo lonse, pakati pa miyendo ya amuna aja, mpaka pamalo pawo akale, pansi penipeni pa injini imene inkalendewera pambali pa galimoto. Mayi anakhala pansi pomwepo n'kutambasula miyendo. Dontho la oyilo linagwera pachifuwa cha bambo, ndipo mayi sanalipukute.

Bambo aang'ono anayamba kukalipa kuti tcheni chikhoza kuduka, mkazi ameneyu akufuna kupha mbale wawo, ndipo anawerama kuti awanyamule okha. Apo ndi pamene dzanja lamanzere la bambo, lija linkagwira khasu ndi chingwe cha ng'ombe, linawagwira pamkono. Ndinaona minofu ya m'khosi mwa bambo ikulimbana, malovu akutsika. Anavutika nthawi yaitali, kenako linatuluka liwu limodzi, m'Chisena cha makolo awo, lopotoka koma lomveka kwa aliyense.

"Nkhabe."

Anali atakana, ndipo panalibenso wowamasulira. Amuna aja anayamba kunyamuka mmodzimmodzi, wina akuti akaone ng'ombe, wina akuti kwatentha. Madzulo ake injini inatsitsidwa pa matabwa, galimoto inakankhidwira kwa bambo aang'ono, komwe anaimika mitengo itatu yokwezera. Njira imeneyo inalipo chiyambire, kungoti ikanawaika iwowo padzuwa.

Galimotoyo inadzuka mvula itayamba, ndipo inkanyamula thonje ndi anthu a kumsika kwa zaka zambiri. Ku Blantyre kuja bambo sinawatengere. Bambo aang'ono ankati mkazi wamwano uja akapepese kaye. Mayi sanapepese. Zilonda za bambo zinapola pang'onopang'ono pamphepo ya pansi pa mtengo, koma mphamvu zimene anataya m'malata muja sizinabwerere, ndipo liwu lina sitinalimvenso mpaka anatisiya.

Anthu amandiuza kuti ndikhululuke, ndi zakale. Bambo aang'ono ndinawakhululukira theka, poti dyera ndi matenda awo obadwa nawo. Amene ndimalephera ndi amuna aja, anthu amene anakula ndi bambo, amene ankadziwa bwinobwino kuti mnzawo akupsa kuseri kwa khoma koma n'kumamwa thobwa pamthunzi wake. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo amandidziwa kuti ndine wovuta pa matenda. Ndikamva munthu akuyankhira wodwala amene ali pomwepo, maso ali tseguke, ndimamudula pakamwa, kaya ndi mkulu bwanji. Ndimagwada pamphasa, n'kufunsa mwini wake, n'kudikira.