Mpando wa Pakati m'Galimoto ya a Mbewe

Amuna anga, a Aroni Mbewe, anabadwira kuseri kwa Bowe, pakhomo poti ngakhale nkhuku panalibe. Anandikwatira ndili mtsikana, tinabereka Elube, kenaka iwo uyo, ulendo wa ku Joni. Kumeneko anayamba ndi kutsuka magalimoto pa galaja ya mzungu wina, mpaka anaphunzira kugwira sipanala. Kubwera ankaopa, chifukwa tsiku lina atakhuta mowa anatukwana boma, mnzawo wina n'kudzaulula kuno. Ine Roza ndinatsala ndi khasu, fodya ndi mwana. Imvi zinandimera ndikuyang'ana kumsewu.

Zipani zitachuluka, othawa atayamba kubwerera, nawonso anatulukira. Abale inu, galimoto yake! Yaitali ngati chigafa cha fodya, yobiriwira, kumbuyo ili ndi mapiko. Ana anathawira m'chimanga.

Munthu sanafunse n'komwe kuti ndapulumuka bwanji zaka zonsezo. Nkhani inali galimoto basi. "Iyi ndi Shevuloleti, mtundu wa ku Amereka," ankatero kwa aliyense, ngakhale wodutsa ndi mtolo wa nkhuni. "Mapikowa anachita kuonera ndege zankhondo. Kale galimoto ankailiza popukusa chitsulo kutsogolo, anthu n'kumathyoka mikono. Aamereka ndiwo anabweretsa zoliza uli khale." Chimene ankanyadira kwambiri chinali mpando wakutsogolo, umodzi wautali wokwana anthu atatu. Giya anamuika pa chiwongolero, ndiye pakati pa woyendetsa ndi mnzake panalibe chotchinga.

Masiku oyambawo pampandopo ndinkakhala ine, ndipo ndinkati Mulungu wandikumbuka. Chaka chisanathe galimoto inatola Anjelina wa ku Malomo, mwana wa msinkhu wa Elube wanga. Mkazi wachiwiri! Ndinameza malovu, ndinati mitala si ine woyamba kuiona.

Koma tsiku loyamba kukwera tonse atatu, kamtsikanako kanayamba kudzipinda. "Amayi aakulu, mphepo ya pazenera imandipweteka mutu." Ndisanayankhe, kali pakati, ine kuchitseko. Galimoto yakalekale imeneyi inalibe malamba, ndipo mpando unali woterera. Inu mukudziwa mmene msewu umakhotera m'mapiri a ku Ntchisi. Pokhota paliponse Anjelina ankagwera paphewa pa amuna anga n'kukuwa, "Mayo ine!" Iwo kuseka mpaka chibwano kugwedera. Ine nditagwira chitseko, fumbi lili m'kamwa.

Nsanje inandigwira, sindibisa. Ndiwo amupatse, nsalu amugulire, sindikanalankhula. Koma pakati paja panali panga. Ndinapalimira, ndinapalirira, ndinapakanira amuna atatu aulemu wawo nthawi imene a Mbewe ankasowa, osatumiza ngakhale moni.

Ndinakatula nkhaniyi kwa achimwene anga a Lazaro, amene ndi ankhoswe athu. Anayamba aseka kaye. "Mlongo wanga, mlandu wa mpando?" Ataona kuti misozi ili m'maso anavala jekete. Ankhoswe a mbali zonse anakhala pansi pa mtengo wa mango, ndipo a Mbewe anayamba zawo zija, akuti ku Amereka mpando wotere anaupangira achikondi.

"Alamu, kuno ndi ku Dowa," anatero a Lazaro. "Mkazi wamkulu akhale pakati."

"Chabwino, ndamva," anayankha a Mbewe, osatsutsa ngakhale pang'ono. Ndinadabwa, poti munthuyu amakangana ndi wailesi yomwe.

Mwezi wotsatira sindinakwere. Ankati galimoto ikudwala, ndipo m'mawa uliwonse ankapita nayo ku Malomo kukafuna zitsulo, Anjelina n'kutsatira kuti akaone amayi ake. Ndinapirira, poti mlandu ndinali nditawina.

Kenaka kunabwera msonkhano wa chipani ku Dzoole, Loweruka, kosonkhana dziko lonse. Ndinasamba, ndinadzola, ndinavala chitenje chatsopano ndi duku lake. Ndinalowa m'galimoto moyambirira n'kukhala pakati penipeni, manja pamaondo. Mtima unali mbee.

A Mbewe anatuluka m'nyumba, anazungulira galimoto, n'kudzakhala kuchitseko kumene ndinkakhala ine kuja. Ndisanafunse, chitseko cha woyendetsa chinatseguka. Anjelina! Anakhala pansi, anavula nsapato, anapotokola kiyi, galimoto n'kulira.

"Abambo, ndi chiyani chimenechi?"

"Iwe uli pakati, si momwe anagamulira ankhoswe?" anatero. "Galimoto iyi imasintha yokha magiya. Aamereka anayamba zimenezi kalekale, ife tikuyenda pa ngolo. Mwezi umodzi wakwana kuti mnzakoyu aphunzire."

Tinatsika phiri, tinawoloka mlatho, Anjelina ali tcheru pa chiwongolero. Pofika ku Dzoole anthu anasiya kumvera wandale pa nsanja. Amayi ovina anathamangira kumsewu, nthungululu zili wowowo. "Mzimayi akuyendetsa! Ufulu wafikadi!" A Mbewe anatambasula mkono, unadutsa kumbuyo kwa khosi langa, n'kukagwira phewa la Anjelina. "Ponda pang'ono, Anje wanga, akuone bwino."

Titaima, mayi wina wosatidziwa anasuzumira pazenera, anagwira Anjelina chanza, kenaka anandiyang'ana ine mwaulemu.

"Nanga agogo ali pakatiwa, ndi apongozi anu?"

Ndinadikira kuti amuna anga ayankhe. Iwo anali atatsegula kale kutsogolo, akuonetsa anthu injini.