Chiguduli cha Mwandida

M'mawa uliwonse, asanasukusule n'komwe, a Onesimo ankaima pakhomo pawo ku Ndirande ndi chibekete cha phala la madeya, n'kumaitana agalu awo mmodzimmodzi. Galu sankadya asanamve dzina lake. Akafika, ankayamba amugwira mphuno. Ikakhala yonyowa ankamulola kupita ku mbale yake, ikakhala youma ankadziwa kuti tsikulo pali wodwala.

Anabwera m'tauni ali mnyamata kuchokera ku Chikwawa, ndipo anakalambira pa ntchito ya ulonda pa fakitale ina ku Makata. Popuma ntchito anatsala ndi chijasi chaulonda ndi galu mmodzi wamkazi, wofiirira, dzina lake Mwandida. Enawo anabwera chaka cha namondwe, matope atakokolola nyumba za m'phiri. Eni ake ena anamwalira, ena anasamuka, agalu n'kumangoyendayenda nthiti zili pamtunda. A Onesimo anadyetsa mmodzi, mawa lake anabwera atatu. Pofika chaka chatha analipo akuluakulu asanu ndi anayi, kuwonjezapo tiana tisanu ta Mwandida.

Koma ku Ndirande nyumba zimachita kugundana. Anthu anadandaula za phokoso, ena za nkhuku. Tsiku lina a Onesimo anaitana galu wawo Sikono kawiri, katatu, osabwera. Anakamupeza kuseri kwa bafa, thovu lili kukamwa, pambali pake pali mutu wa nsomba wothira chiphe cha tameki.

Mwana wawo Jesinta, amene anakwatiwa ku Chilomoni, ndiye anawakumbutsa kuti kumudzi anthu akulira ndi afisi m'makola a mbuzi, galu sangasowe pokhala. Mwamuna wake Evance, woyendetsa kalole konyamula mchenga, anati galimoto ilipo kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu masana basi. Galu wotsala abwerera ku Ndirande.

Ananyamuka Lachisanu dzuwa lisanakwere. Anayala udzu kumbuyo, pamwamba n'kukutira ukonde. Jesinta anakhala kutsogolo ndi khanda lake, koma a Onesimo anakana mpando, anakakhala pakati pa agalu, tiana tili m'dengu pa chiguduli cha mayi wawo. Pa rodibuloko wapolisi anasuzumira n'kuseka.

"Madala, mukukatsegula kampani ya ulonda?"

Iwo anangotulutsa makadi a katemera wa chiwewe m'jumbo, wapolisiyo n'kuwakodola kuti apite.

Potsika mapiri a ku Chikwawa msewu umakhota ngati njoka, ndiye tiana tinayamba kusanza. Anaima kawiri kuti agalu amwe madzi m'beseni. Pansi patali Shire ankaoneka mbuu, ndipo mphepo yotentha inayamba kuwalandira.

M'mudzi sanalowe. A Onesimo anati alendo ochuluka chonchi, agalu a eni mudzi sangawasiye. Anaima pa munda wogonera wa malemu achimwene awo, anamanga lona kuchoka pa lole kukafika pa mtengo wa bwemba, ndipo pamenepo panakhala pakhomo. Jesinta anaika mafuwa n'kuphika mbatata ndi tiyi. Agalu a m'tauni aja anadabwa ndi malo opanda mpanda, anathamanga mpaka malirime panja, kenako anabwera kudzagona mozungulira lole. Madzulo khanda linagona pa mphasa, tiana ta galu tili kumapazi kwake.

Loweruka anthu anayamba kufika, poti mbiri inali itamveka kale kutchalitchi ndi kumjigo. Koma a Onesimo sankangopereka. Munthu ankayamba wakhala pansi, manja ali pa maondo, kuti aone ngati galu apite yekha. Kenako mafunso: adzadya chiyani, adzagona pati, madzi ali kutali bwanji. Bambo wina anabwera ndi waya womangira m'khosi, anamubweza. Wina anafuna galu wolusa kuti azimutsekera m'kachipinda, nayenso anabwerera chimanjamanja.

Evance, ataona dzuwa likupendeka, analephera kupirira.

"Ababa, munthu akufuna galu, mupatseni. Si ukwati uwu."

"A Evance, inunso ndinakufunsani mafunso musanatenge Jesinta. Waya simunabwere naye, n'chifukwa chake ndinakupatsani."

Jesinta anasekera m'chitenje, Evance n'kukagona pansi pa lole.

Kamwana ka galu kakapeza mwini, a Onesimo ankadula kachidutswa ka chiguduli cha Mwandida n'kumupatsa. Ankati akayale pogona pake, kakamamva fungo la mayi wake sikalira, ndiponso sikathawa kukamufunafuna. Chiguduli chinanka nichichepa, agalu nawonso.

Lamulungu m'mawa panatsala Mwandida yekha. Aliyense ankati wakula, kukamwa kwayamba imvi. A Onesimo sanadandaule. Anaitana dzina limodzi lokhalo, anagwira mphuno, kenako anayamba kumasula lona akuimba kamluzu. Jesinta anawayang'ana nthawi yaitali. Anadziwa kuti bambo ake akondwa, akufuna kubwerera naye. Anayankhula motsitsa, maso ali pa mapoto.

"Ababa, uja anaponya mutu wa nsomba sanasamuketu."

Kamluzu kanathera pomwepo.

Dzuwa litakwera kunabwera mayi wina wamasiye, a Maggie, akuchokera ku Misa. Anati afisi awadyera mbuzi ziwiri, ndipo kamwana ka galu sakafuna, alibe mphamvu zothamangitsana nako. Akufuna wamkulu, wodziwa kugona pakhomo. Asanauzidwe anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Mwandida anawayang'ana, anadzuka mwaulesi, anawanunkhiza chitenje, n'kugona chogundana ndi mapazi awo.

A Onesimo anafunsa mafunso awo onse, anawonjezanso ena amene sanafunse munthu wina aliyense. Mayiwo ankayankha mosatekeseka. Kenako a Onesimo anati akaone kunyumba. Anayenda atatu, galu ali pakati. Anapeza khonde lalikulu la mthunzi, mtsuko wa madzi, khola lili pafupi. A Onesimo anazungulira nyumba kawiri kufuna chifukwa chokanira, osachipeza.

Anavula chijasi chaulonda chija, chomwe ankachivala ngakhale kutenthe chotani, n'kuchiyala pakhonde. Mwandida anazungulira katatu n'kugonapo. Anawauza mayiwo kuti asamamupatse chakudya asanamutchule dzina, ndipo anawagwiritsa mphuno yake kuti aidziwe ikakhala bwino. Pochoka sanacheuke, ndipo galuyo sanawatsate.

Atafika pa bwemba paja anapeza Evance ataliza kale injini. Jesinta anali atabereka mwana, akusesa pamalopo, udzu ndi zinyalala akuunjika pa phulusa kuti atenthe. M'manja mwake munali kansanza kotsala ka chiguduli, kosakwana n'chikhatho chomwe, kodzaza ubweya wofiirira.

A Onesimo anaima chitseko cha kutsogolo chili chotsegula, phazi limodzi lili m'galimoto.

"Jesinta, ako usatenthe. Bwera nako kuno."